Mphini zanga sizinachize mutu wanga

Kawale, Lilongwe
25 Januwale 2004

Okondeka achemwali anga a Enelesi,

Moni nonse kumeneko kwa Kanduku. Kodi mukudzuka bwanji? Mwendo uja umakuvutani nthawi ya mvula waleka, kapena mukuukokabe popita kumunda? Ine kuno ndili bwino, Mulungu akundisunga. Ulendo uno ndikati ndili bwino ndikunena zoona, osati monga ndakhala ndikukulemberani zaka zonsezi.

Kalata yanu inafika Lachitatu. Anandiwerengera ndi a Stafford, alembi a mpingo wathu kuno, ndipo ndi iwo omwe agwira cholembera lero titatuluka m'tchalitchi. Mukudziwa kuti pakhomo la sukulu ine sindinapondepo, koma mawu onse ali muno ndi anga. Ndawauza kuti asakometse kalikonse, ndipo akamaliza andiwerengera kawiri kuti ndimve ngati sanabe mawu.

Zimene mwalemba za mwana wanu Deliwe ndazimva. Akuchimuna kwa Nthache akufuna kumubweza. Ati mkazi wa Nickson ndi waulesi, amagona masiku atatu m'nyumba atatseka zenera pamene anzake ali kupalira, ndipo ankhoswe akhala pansi Loweruka la pa 7 Febuluwale. Mwati ine monga malume wake ndibwere, ndisaiwale lezala ndi mankhwala aja anandisiyira mayi, kuti ndikamuteme mphini kachitatu anthu onse akuona. Achemwali, lezala sindibwera nalo, ndipo mwanayo asatemedwenso ndi munthu wina aliyense. Ukwati wake ndikufuna ulimbe monga mukufunira inu, koma chimene chingaupulumutse ndi nkhani imene ndakhala ndikubisa. Khalani pansi, ndi yaitali.

Ndiyambe ndi za kuno. Mvula ikugwa, mwina yaonjeza, moti njira ya kumsika yasanduka dambo. Ndowa zamalata zikuyenda pang'onopang'ono chifukwa amayi a m'tauni akonda zapulasitiki, zija zimang'aluka zikangoona dzuwa. Ndimawauza kuti yanga adzasiyira adzukulu awo, iwo amangoseka n'kumapita. Zimene zikundidyetsa ndi mbaula, popeza magetsi akuzimazima.

Magalimoto a zipani nawonso ayamba kale kuzungulira ndi zimkuzamawu, chisankho chikadali kutali. Aliyense akulonjeza zake, ife tikungokhoma malata athu. Denga la nyumba imene ndikukhala likudontha pamwamba pa bedi penipeni, ndipo eni nyumba ati munthu wokhoma malata sangadandaule za denga. Ndawayankha kuti ndimakhoma anga, osati a eni.

Tsopano nkhani ija. Mwezi wa Seputembala, tsiku lina Lachisanu dzuwa lili paliwombo, ndinali kukhoma tsinde la ndowa. Kung'anima kwa lata kunandilowa m'maso, ndipo ndinayamba kuona timizere towala, tokhotakhota ngati mano a sowo. A Timoti, amene timakhoma nawo pa shedi imodzi, nkhope yawo ndinkaiona theka lokha. Dzanja lamanja linachita dzanzi mpaka nyundo kugwa pansi. Ndinadziwa chimene chikubwera, chifukwa mlendo ameneyu anayamba kundiyendera ndikadali mnyamata. Masiku onse akagogoda chotere ndimalongedza msanga, n'kunena kuti ndikupita kukafuna malata ku Kanengo, pamene ndikukagona kunyumba. Tsiku limenelo sanandipatse mpata. Ndinasanza pomwepo pakati pa anthu, lilime n'kulemera, mawu osatuluka bwino.

A Timoti anaganiza kuti ndi sitiroko. Anapempha munthu wina wa galimoto amene anabwera kudzagula mbaula, n'kundikweza, ulendo wa kuchipatala chachikulu. Njira yonse ndinkakana kuti andibweze kunyumba, koma a Timoti anati ndikafere m'manja mwa boma, osati mwawo, poti iwo ngakhale njira ya ku Mwanza yokatulira maliro sakuidziwa.

Anandilowetsa m'chipinda chimene amalandiriramo anthu angozi ndi odwala mwadzidzidzi. Achemwali, mmenemo muli kuwala ndi phokoso zokwanira kupha munthu wa mutu ngati wanga. Uku wina wathyoka mwendo, uko wina wapsa ndi madzi otentha, ine n'kugona pakati pawo ndi mutu chabe. Manyazi anandigwira pamwamba pa ululu.

Amene anandiona ndi adokotala achizimayi, amsinkhu wa Deliwe yemweyo. Ndinatembenukira kukhoma, ndikuti mwana ameneyu andiuza chiyani. Iwo sanasamale zimenezo. Anandiyeza kuthamanga kwa magazi, ananditenga magazi a malungo, anandiuza kuti ndifinye zala zawo ndi manja onse awiri, ndionetse mano, ndiweramitse khosi. Atatha anati si sitiroko, si malungo, ndiponso si matenda oumitsa khosi.

Kenako anaona mphini zanga, mizere itatu ija ili m'mbali mwa maso, n'kundifunsa kuti ananditema ndani. Ngakhale ndinali gone, chifuwa chinatukumuka. Ndinati mzere woyamba ndi wa mayi anga, inayo ndinadzitema ndekha, ndipo kwathu kwa Kanduku palibe mudzi umene mulibe munthu amene ndinamutema. Sanaseke. Anangofunsa pang'onopang'ono kuti nanga mutuwo unasiya chaka chanji. Ndinayang'ana kudenga. Anafunsanso kuti pamwezi umandigoneka masiku angati. Ndinasuzumira kukhomo, ndinaona kuti a Timoti ali kunja, ndipo ndinanena kuti asanu ndi atatu, mwezi wina mpaka khumi. Chibadwire changa aka kanali koyamba kutchula nambala imeneyo kwa munthu.

Adokotalawo anati ndi mutu waching'alang'ala, dzina limene tonse timalidziwa. Anati umayenda m'magazi a pabanja, si ufiti, ndiponso si ulesi. Anandibaya jakisoni woletsa kusanza ndi wina wa ululu, anandiika diripi, n'kuuza anamwino kuti atseke katani ndi kuzimitsa babu limene linali pamwamba panga. Palibe amene anawauza kuti kuwala kumandilasa, anadziwa okha. Dzuwa lisanalowe ndinali nditakhala tsonga, ndikufunsa kumene kuli nsapato zanga.

Ponditulutsa anandipatsa mankhwala amitundu iwiri. Ena ndi omwa mutu ukangoyamba, ndipo amenewo sindinawatsutse. Enawo ndi timapiritsi ting'onoting'ono ngati njere za mapira, toti ndizimwa kamodzi madzulo aliwonse, mutu uzipweteka kapena usapweteke. Asanandipatse anandifunsa za mtima, za mphumu, ngakhale za mkodzo, mafunso amene mwana safunsa munthu wamkulu. Anafotokoza kuti timapiritsito sitithetsa ululu umene wafika kale. Ntchito yake ndi kuchepetsa maulendo a mutuwo, ndipo mphamvu yake imaoneka patapita masabata angapo. Anandiletsanso kumeza mapiritsi a m'golosale tsiku ndi tsiku monga ndinkachitira, ati akachuluka nawonso amaitana mutu. Anandipatsa tsiku lobwereranso, n'kundiuza kuti ndizisunga chiwerengero cha masiku odwala.

Ndi pakamwa ndinavomera zonse. Mumtima ndinati munthu wabwinobwino, woyenda ndi miyendo yake, angamwe bwanji mankhwala? Kwathu mankhwala amamwa ndi wodwala, akachira amasiya. Ndiponso mukudziwa zimene anthu amanong'onezana masiku ano akaona munthu akumeza mapiritsi tsiku lililonse. Choncho ndinatiika m'kachitini ka misomali, n'kuiwalako.

Mutu utabweranso ndinameza tiwiri nthawi imodzi. Palibe chinachitika, ululu unakhala pomwepo. Ndinati basi, mankhwala a mwana uja ndi opanda mphamvu. Ndiye mukudziwa mmene tinakulira, kuti mankhwala sabisira mnzako. Lolemba lina a Timoti anabwera akudandaula mutu, umene ine ndikuganiza kuti unali wa matsire, ndipo ndinawapatsa tiwiri. Anagona pa shedi masana onse, pakamwa yasa, ogula akubwera n'kumabwerera. Podzuka anandiuza kuti a Kadzuwa, mankhwala anuwa ndi oona, mutu sakuumvanso, ngakhale miyendo yomwe sakuimva. Mbiri inafala pamsika. Ndinagawira uyu, ndinagawira uyo, ndipo totsala ndinapatsa mayi wina wogulitsa mandasi kuti asunge. Masabata atatu asanathe kachitini kanali ndi misomali yokhayokha.

Mkatikati mwa Okutobala mutu unandigwetsanso, ulendo uno kuposa poyamba. Ndinasanza mpaka madzi omwe osakhala m'mimba. A Timoti ananditengeranso kuchipinda chomwe chija, ndipo mwatsoka langa, kapena mwamwayi, ndinapeza adokotala omwe aja. Atandibaya jakisoni n'kupezako bwino, anatsegula kabuku kanga ka kuchipatala n'kufunsa kuti timapiritsi tija tatsala tingati. Ndinati tatha. Anati ndiye kuti ndakhala ndikumwa bwino. Ndisanayankhe, a Timoti, amene pakamwa pawo palibe chitseko, anayamba kuyamikira mmene mankhwalawo anawagonetsera, ndi mmene ndathandizira msika wonse.

Ndinayembekezera kukalipiridwa. Sanakalipe, koma nkhope yawo inasintha. Anati mankhwala amenewo akhoza kuvulaza munthu wa matenda a mtima, ndipo mwana wamng'ono akatola n'kumeza angapo akhoza kufa. Apo ndinakumbukira kuti mayi wa mandasi uja ali ndi ana atatu. Ndinatuma a Timoti nthawi yomweyo, ndipo Mulungu ndi wabwino, anakapeza timapiritsito tikadali tomanga pansonga ya chitenje, n'kubwera nato.

Komabe ine ndi ine. Ndinawauza adokotala kuti kugawako ndinalakwa, koma mankhwala awo ndinawayesa ndipo sagwira ntchito. Kenako anati tipangane. Ndimwe monga iwo anenera, madzulo aliwonse osadumpha, kwa miyezi itatu, ndikusunga chiwerengero cha masiku odwala. Ngati masikuwo sachepa, ndibwere ndidzanene pamaso pa anamwino awo onse kuti iwo ndi mwana wosadziwa kanthu, ndipo adzavomera. Koma akachepa, ndidzanene ine zanga pamaso pa anthu omwewo. Anamwino awiri amene anali pamenepo anati iwo ndi mboni.

Achemwali, ndisakunamizeni. Mankhwalawo sindinamwe pofuna kuchira. Ndinamwa kuti ndimugonjetse mwana ameneyo.

Poti kulemba sinditha, ndinadula kachidutswa ka lata ka mwezi uliwonse. Tsiku limene mutu wandigoneka, ndinkaboola bowo limodzi ndi msomali. Masabata oyamba kukamwa kunkauma ngati ndadya chimanga chokazinga popanda madzi, ndipo m'mawa thupi linkalemera. Ndinapirira, chifukwa munthu sathawa mlandu umene akuona kuti apambana. Lata la Novembala linatha ndi mabowo asanu ndi awiri. Ndinapita nalo kuchipatala ndikuyenda ngati mfumu. Adokotala analiyang'ana, anandiyezanso, n'kunena kuti pangano ndi miyezi itatu, ndisathamangire kuvina.

La Disembala linatha ndi mabowo anayi. Ndinaliwerenga katatu, mpaka ndinapempha a Timoti kuti awerengenso, mwina maso anga akunama. La mwezi uno lili ndi awiri okha, ndipo tsiku limodzi mwa awiriwo ndinadzuka masana n'kukamaliza mbaula za munthu. Khirisimasi yapitayi ndinadya mpunga pamodzi ndi anthu, ana akuimba ndi kuliza zitini, ine osathawira m'nyumba.

Lachinayi lapitali ndinatenga malata atatu aja n'kukawayala patebulo la adokotala. Namwino wina anawanyamula n'kuwaunika pazenera, anzake akuwerenga mabowo mokweza. Ndinavula chipewa, n'kunena kuti mwana wosadziwa kanthu ndi ine, wa imvi zangazi. Anaseka onse, inenso ndinaseka, ndipo sindinafe nazo. Adokotala anati ndisaganize kuti mutuwo watheratu. Udzabwerabe mwa apo ndi apo, ndipo tsiku losiya kapena kuchepetsa mankhwala tidzagwirizana pamodzi, ndisadzasiye ndekha.

Kalata yanu inali m'thumba langa tsiku limenelo. Ndinawafotokozera za Deliwe, n'kupempha kuti andipatseko mankhwala ake ndimutumizire. Anakana, n'kundifunsa ngati ndaiwala kale za a Timoti. Anati munthu aliyense amayenera kuonedwa payekha, makamaka mayi wachitsikana amene angakhale woyembekezera kapena akuyamwitsa, chifukwa amene andiyanja ine akhoza kumuvulaza iye, ndipo mitundu ya mankhwala otere ilipo ingapo. Anati apite kuchipatala cha pa boma ku Mwanza komweko, akafotokoze zonse osabisa, za kuwala m'maso, za kusanza, za masiku angati pamwezi, ndiponso kuti malume wake ali ndi mutu womwewo. Anaonjeza kuti mwamuna wake apite nawo, akamve ndi makutu ake.

Tsopano ndafika povuta. A Stafford ati tipumule timwe madzi, ndakana, chifukwa ndikaima pano sindiyambanso.

Kwathu konse anthu amadziwa kuti mphini za a Kadzuwa zinayamba kuchiza mwini wake. Ndi bodza, ndipo bodzalo ndi langa. Mukukumbukira maulendo aja ndinkati ndikupita ku Zobuwe kukafuna malata akale, n'kukhalako masiku awiri kapena atatu? Ambiri mwa maulendo amenewo ku Zobuwe sindinkafika. Ndinkagona m'chisakasa chija cha m'munda wa manachesi wa malemu bambo, nditamanga mutu ndi luzi, nkhope nditaphimba ndi thumba. Amene ankadziwa ndi malemu mkazi wanga yekha. Ankandibweretsera madzi mobisa, ndipo anapita nacho kumanda chinsinsi chimenechi osauza ngakhale inu, amene munkasinja naye mtondo umodzi. Nditasamukira kuno Zobuwe anangosanduka Kanengo.

Mayi athunso, taganizani bwino. Kodi luzi linachokapo pamutu pawo? Tinkati ndi ukalamba, pamene anayamba kumanga ife tikadali ana. Sindikuwanyoza ayi. Anatipatsa chimene anali nacho, ndipo ponditema anachita ndi chikondi. Wolakwa ndi ine, amene ndinaona ndi mutu wanga kuti sizikuthandiza, koma n'kupitiriza kutema ena chifukwa dzina linali litakoma. Amene ankati achira, mwina mutu wawo unali wamba, woti ukanasiya wokha. Amene anali ndi mutu ngati wathuwu, ndikuganiza kuti ankachita manyazi kubwerera kwa ine, monga ine ndinkachitira manyazi kunena.

Choipa kwambiri ndi ichi. Zaka ziwiri zapitazo, nditamutema Deliwe kachiwiri, amayi ake a Nickson anandifunsa pa khonde lanu lomwelo kuti nanga mpongozi wawo akagonanso atani. Ine ndinayankha, anthu akumva, kuti munthu amene ndamutema ine akagonanso ndiye kuti ulesi uli m'mafupa. Inu munalipo, munali kupeta nyemba. Lero akuchimuna akumubweza mwanayo ndi mawu anga omwewo. Iwo sanapeke kanthu, anangokhulupirira nkhoswe. Nkhwangwa imene ikudula ukwati umenewu ndinasula ndine.

Ndiye pempho langa ndi limodzi, achemwali. Kalata ino iwerengedwe pabwalo la ankhoswe tsiku limenelo, yonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, akuchimuna onse akumva. Ndikukudziwani, mufuna kundisungira ulemu, muuza wowerenga kuti adumphe za chisakasa ndi za kusanza pamsika. Musatero. Malo amenewo ndiye mankhwala ake a mlanduwu. Awerenge ndi munthu wapadera, kaya aphunzitsi a pasukulu yapafupi, kuti wina asadzati mwaonjezera. Pampando wanga pakhale mng'ono wathu Kinsley.

Ikatha kuwerengedwa, Kinsley apemphe m'dzina langa kuti mlandu uime miyezi itatu, monga inenso ndinapatsidwa miyezi itatu. Nickson atenge mkazi wake apite naye kuchipatala cha pa boma. Deliwe ayambe lero lomwe kumanga mfundo pa chingwe tsiku lililonse limene mutu wamugoneka, chingwe chimodzi mwezi umodzi, kuti akafika kumeneko akaonetse. Akapatsidwa mankhwala omwa tsiku ndi tsiku, amwe ngakhale akumva bwino, asagawire munthu, ndipo aziika patali ndi ana. Sindikulonjeza kuti achira ngati kuzima kwa moto. Ndikungonena chimene ndaona ine, kuti masiku khumi akhoza kusanduka awiri. Ndipo ngakhale atapanda kuchepa, munthu wodwala sabwezedwa ndi dzina la ulesi.

Mufunsa chifukwa chimene sindikubwera ndekha. Pa 5 Febuluwale ndili ndi tsiku lokatenga mankhwala, ndipo sindikufuna kulidumpha. Ndanena zimenezi, a Stafford aimitsa cholembera n'kundiyang'ana, ati basi ya Lachisanu imafika ku Mwanza dzuwa likadalipo. Chabwino, alembe zoona. Pakamwa panga ndimapadziwa. Ndikakhala pansi moyang'anana ndi a Dominic, malume ake a Nickson, amene takhala tikulimbana pa milandu kuyambira tili ndi tsitsi lakuda, lilime langa lidzatembenuka. Adzangokweza nsidze kamodzi, ine n'kuyamba kudziteteza, mwina mpaka kuitanitsa lezala. Pepala silichita manyazi, ndipo silisintha mawu pakati panjira. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Nkhonyazo ndidzazilandira, sindikuthawa. Manachesi akayamba kupsa ndidzafika, ndidzakhala pa khonde lanu sabata yathunthu, ndipo aliyense wofuna kuseka adzandipeza pomwepo. Koma choyamba mwanayo akhale pa banja lake.

Mawu awa ndi a Deliwe, ndipo wowerenga amuyang'ane powerenga. Mwana wanga, tsiku lija ndinakutema kachiwiri unandiuza motsitsa mawu, magazi akutsikira m'tsaya, kuti malume sizikusintha. Ndinakuuza kuti ukhale chete, usandichititse manyazi. Unkanena zoona, ndipo ine ndinkadziwa kuti ukunena zoona, chifukwa sabata yomweyo inenso ndinali nditagona masiku awiri. Iwe unadwala poyera n'kutchedwa waulesi, ine ndinadwala mobisa n'kutchedwa sing'anga. Pa awirife wolimba mtima ndiwe. Undikhululukire. Zipsera zimene ndinakusiyira sindingazichotse, koma dzina limene ndinakupatsa ndalichotsa lero pamaso pa anthu.

Kwa iwe Nickson, mkamwini wathu, ndilibe nawe mlandu. Unamva kwa wamkulu, n'kukhulupirira. Tsopano wamkulu yemweyo akukuuza kuti ananama. Mkazi wako akati atseke zenera, mutsekere, ana uwatengere panja, umuikire madzi pafupi. Khasu lake silithawa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti mpeni wawo uja ndinausula, ndidzabwera nawo. Moni kwa Kinsley ndi banja lake, kwa azakhali a ku Thambani ngati makutu awo akumvabe, kwa adzukulu onse, ndi kwa akuchimuna onse a kwa Nthache, kuyambira amayi ake a Nickson. A Dominic ndawapatsa moni wapadera. A Timoti akuti moni, ngakhale simukuwadziwa, ati Mwanza adzaiona ine ndikadali moyo. A Stafford nawonso akupereka moni, ati dzanja lawo latopa.

Andiwerengera kawiri, ndipo palibe chimene ndikuchotsa. Pansipa a Stafford alemba dzina langa, koma ndapaka inki chala changa chachikulu n'kudinda pambali pake, kuti pasapezeke wonena kuti kalatayi mwapeka inu pofuna kuteteza mwana wanu. Muwaonetse a Dominic. Mzere woduka pakati pa chidindocho audziwa, chifukwa tsiku limene lata linanding'amba chala chimenechi, ndi iwo anandimanga ndi nsanza ya malaya awo.

Tsalani ndi mtendere wa Ambuye.

Ndine mlongo wanu,
Jailosi Kadzuwa